Mabotolo a Tepi Yofiira

1

Mukafika ku Kasakula n'kufunsa za imfa ya aphunzitsi a Howard, yankho simulidikira. Anawapha ndi mkazi wawo. Azimayi ogulitsa matemba pamsika akuuzani zimenezo, akabaza akuuzani zomwezo, ngakhale ana amene anali akuyamwa nthawi imeneyo akuuzani. Akuti anawamwetsa mankhwala, supuni m'mawa supuni madzulo, mpaka mutu unasokonekera.

Ine ndine Talandira, mlongo wawo wa malemuwo. Ndinalipo pamene mlamu wanga Marita ankalozedwa zala. Ndinali pamphasa pafupi ndi amayi, nditafunda chitenje, ndipo sindinamuteteze. Papita zaka zisanu.

Muyambe mwadziwa ntchito yanga, imene kwathu imaseketsa anthu. Ndimasamalira makoswe. Si a m'nkhokwe ayi. Awa ndi oyera mbee, maso ofiira, obadwira m'makeji, mu labu ina ku Lilongwe. Malume anga a Abrahamu atamva koyamba anaseka mpaka kutsokomola.

"Sukulu yonse ija mphwanga, kuti uzikalera makoswe? Bola zikanakhala mbewa, bwenzi ukutipatsako ndiwo."

Chaka chimenecho abwana anga, Dokotala Moffat, ankayesa mankhwala atsopano othetsa mantha amene amagwira chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi. Tinkathira mowa m'madzi akumwa a makoswe kwa milungu inayi mpaka azolowere. Kenako tinkawalanda. Mawa lake mukanawamvera chisoni: ubweya utaima, thupi likunjenjemera, kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse.

Mantha awo tinkawayeza pa thabwa lopingasa ngati mtanda, lokwezeka kufika m'chiuno. Mikono iwiri ya mtandawo inali ndi makoma, iwiri inali pambalambanda. Khoswe wamantha amakanirira m'makoma. Amene mtima wake wakhala pansi amatuluka n'kumasuzumira. Ine ndinkabaya jakisoni, kuika khoswe pakati pa mtanda, n'kuyang'ana wotchi kwa mphindi zisanu.

Mabotolo a jakisoniyo anali mitundu iwiri, ena omata tepi yofiira, ena yachikasu. Mtundu wina unali mankhwala enieni, wina madzi a mchere chabe, koma onse ooneka chimodzimodzi. Wodziwa kuti uti ndi uti anali Dokotala Moffat yekha. Anazilemba papepala n'kumata mu envulopu, kuti ife oyang'ana wotchi tisamakondere.

Koma ine ndinali ndi maso. Gulu loyamba lonse, makoswe a tepi yofiira ankatuluka poyera ngati akupita kumsika. A tepi yachikasu ankangobisala. Ndinaona kuti envulopu ilibe choti ingandiuze.

2

Achimwene a Howard ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga. Bambo atamwalira ndili sitandade 3, iwo ndi amene ankandikweza panjinga m'mawa uliwonse, kukwera mtunda wa kusukulu akundifunsa mathebulo. Ndikalakwitsa ankaimitsa njinga n'kunena kuti siyenda mpaka nditakhoza. Anakhala mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya mpingo kumapiri kwathu, woimba besi m'kwaya, munthu amene makolo ankamuvulira chipewa.

Mowa anauyamba ali ku koleji. Poyamba unali wa Loweruka. Kenako unafika Lachisanu, Lachinayi, mpaka sabata yonse inalowa m'botolo. Ankamwa kachasu wa kuseri kwa msika, amene amakutentha m'maso usanamulawe. Sankamenya munthu, sankatukwana. Ankangoyenda m'mbali mwa msewu akuimba nyimbo za m'buku.

Amayi anali ndi yankho lawo. "Mwana wanga sankamwa asanakwatire," ankatero. Linali bodza, ndipo tonse tinkadziwa. Koma Marita anali wa ku Nachisaka, osati wa kwathu, komanso anali wosalankhulalankhula. Munthu wachete ndi wosavuta kumusenzetsa zinthu.

Chakumapeto kwa teremu yachitatu, achimwene anagwa pa asembule ana onse akuona. Komiti ya sukulu inawaitana. Inawauza kuti sukulu ikamatsegulidwa mu Sepitembala abwere atasiya, apo ayi achoke m'nyumba ya sukulu ndiponso pantchito.

Ndinapita kukawaona mu Ogasiti. Ananditengera kudimba kwawo kumunsi kwa phiri, kutali ndi makutu. Tinakhala pamzere wa mpiru, mphepo ikutiwaza fumbi.

"Tala, taona izi." Anatambasula manja. Ankanjenjemera ngati masamba a nthochi. "Ndinayesa kusiya Lolemba. Pofika madzulo, mtima unali ukugunda m'makutu. Ndinkangomva ngati pali munthu waima kuseri kwa chitseko akundidikira. Ndikudziwa kuti palibe, koma thupi silikumva. Lachiwiri ndinabwerera kwa mayi wa kachasu ndikuthamanga."

"Pitani kuchipatala, achimwene."

"Kuti? Apa? Namwino wa pamenepo timaimba naye kwaya. Pofika Lamulungu nkhani idzakhala itafika paguwa."

Anaseka pang'ono.

"Makoswe ako aja ali ndi mwayi. Iwo ali ndi wowabaya jakisoni."

Anali kungocheza. Ndikubwereza, owerenga, kuti mumve bwino: sanandipemphe kanthu. Ndine amene ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Musadandaule. Lachisanu ndibweranso."

3

Kuba sikunandivute. Makiyi a filiji ndinkasunga ndine. Gulu lachiwiri la makoswe linali litangoyamba, ndipo mabotolo atsopano anali atandandalika m'mizere. Lachinayi masana, anzanga atapita kukadya, ndinatenga atatu a tepi yofiira n'kuwakulunga mu sikafu. M'buku ndinalemba kuti anagwa n'kusweka.

Ndinkadziwa zimene ndinkachita. Dokotala Moffat ankakonda kutiuza kuti khoswe si munthu, ndipo mankhwalawo atsala ndi zaka zambiri kuti afike pakamwa pa munthu. Ankatiuzanso kuti chidakwa chenicheni chikasiya mowa kamodzin'kamodzi chikhoza kukomoka n'kufa, n'chifukwa chake chimayenera kusiyira m'manja mwa achipatala, amene ali kale ndi mapiritsi ake. Zonsezi zinali m'mutu mwanga. Koma munalinso china. Ndinkafuna tsiku lina malume a Abrahamu adzamve kuti mwana wolera makoswe uja ndi amene anachiritsa mphunzitsi wawo.

Ndinatsika minibasi pa Mponela, n'kukwera lole yopita kumapiri, chikwama ndili nacho pamiyendo ngati mwana wakhanda. Mabotolowo ndinawapereka kudimba konkuja.

"Supuni m'mawa, supuni madzulo. Mowa muusiyiretu mawa. Koma achimwene, zikamveka ntchito yanga yatha, mwinanso ndikalowa m'ndende. Asadziwe aliyense kuti achokera kwa ine. Ngakhale alamu."

"Ndilumbire?"

"Lumbirani."

Anaika dzanja pachifuwa n'kulumbira. Kenako anatsegula botolo limodzi, kunyowetsa chala n'kulawa.

"Akukoma mchere."

"Ndi mmene amakhalira. Amawasungunulira m'madzi a mchere."

Loweruka m'mawa anatenga botolo lawo lomaliza la kachasu n'kulikhuthulira m'dzenje la zinyalala, Marita akuona. Marita anagwada pakhonde pomwepo n'kupemphera mokweza, chinthu chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita. Popeza manja a achimwene sankatha kugwira supuni osataya, anamupempha kuti aziwamwetsa ndi iyeyo. Anamuuza kuti mankhwalawo awapatsa mnzawo wina.

Lamulungu ndinabwerera ku Lilongwe mtima uli m'malo. Pondiperekeza anali akutuluka thukuta ngakhale kunkazizira, koma anamwetulira.

"Akugwira, Tala. Ndikumva kuti akugwira."

4

Lolemba cha m'ma teni foni yanga inalira ndili pa mtanda uja, khoswe ali m'manja. Anali Marita.

"Alamu, achimwene anu sali bwino. Usiku wonse sanagone. Akusanza, malaya anyowa ngati agwa m'madzi. Akundifunsa kuti alendo aima pawindowo ndi ndani, pomwe palibe munthu. Ndapeza ngolo ya a Yosefe, ndikufuna ndiwatengere kuchipatala."

Ndinaika khoswe m'keji. Ndinachita mantha, koma osati chifukwa cha achimwene. M'maganizo ndinaona namwino akufunsa zimene wodwala wamwa. Ndinaona botolo la tepi yofiira lili patebulo la dokotala, foni ikuimbidwa ku Lilongwe.

"Alamu, musapupulume," ndinatero ndi mawu a munthu wophunzira. "Zimenezo zimachitika. Tsiku lachitatu ndiye lovuta. Ine ndimaziona tsiku ndi tsiku kuno. Pofika mawa madzulo ayamba kudya."

"Koma maso awo, alamu. Sakundizindikira bwino."

"Mukawatengera kuchipatala, komiti imva, ndiye ntchito yawo yathera pomwepo. Mukufuna muwachotsetse ntchito pamene ayamba kuyesetsa? Asungeni m'nyumba. Muzingowapatsa madzi ambiri, ndipo musadumphitse supuni ija, m'mawa ndi madzulo."

Ndinkangomva nkhuku zikulira kumbali yake.

"Chabwino," anatero. "Inu ndi amene munapita kusukulu."

Ngolo ija anaibweza.

Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, achimwene anayamba kukuwa kuti makoswe akutsika m'makoma, mazanamazana, akuwakwera m'miyendo. Anang'amba malaya, anakankha Marita n'kuthawira panja. Anthu amene ankapuntha nyemba pafupi anawaona akuthamanga osavala nsapato, akudzikutumula thupi lonse. Anakagwera pakati pa bwalo la mpira la sukulu. Thupi linauma, kenako linayamba kugwedezeka, thovu kukamwa. Zinasiya, zinayambiranso, zinasiya, zinayambiranso.

Ngolo ya a Yosefe inabweranso, koma tsopano inali itachedwa ndi tsiku lathunthu. Anamalizikira panjira, asanawoloke mlatho, mutu uli pamiyendo ya Marita.

5

Mabotolo anawapeza ndi amayi. Anali m'kabati, kuseri kwa makapu, awiri opanda kanthu, limodzi latheka. Sanafunse aliyense. Anawamanga pansonga ya chitenje n'kudikira.

Titachoka kumanda, abale a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa nyumba ya sukulu. Akulu a mpingo analiponso atatu. Amayi anamasula chitenje n'kuika mabotolo aja pakati. Dzuwa linawala pa tepi yofiira ija.

Malume a Abrahamu ndi amene ankafunsa.

"Mayi, mabotolo awa mukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa," anayankha Marita.

"Mumawamwetsa amuna anu?"

"Eya. Anandipempha okha. Anati ndi othandiza kusiya mowa."

"Anachokera kuti?"

Marita anadzutsa mutu. Maso ake anadutsa malume, anadutsa amayi, n'kufika pa ine. Sanakhalitse. Mwina kupuma kamodzi kokha. Kenako anayang'ananso pansi.

"Anati awapatsa mnzawo."

"Mnzawo uti? Dzina lake?"

"Sananditchulire."

Anthu anang'ung'udza. Amayi anaimirira. "Botolo lopanda dzina, lopanda pepala la chipatala! Munthu wamwa mowa zaka khumi ndi zisanu osafa. Wamwa za mkazi uyu masiku anayi, wayamba kuona zilombo masana! Ndipo ngolo itabwera Lolemba, anaibweza ndani? A Yosefe ali pompano, anene!"

A Yosefe anavomera ndi mutu. "Anati aleke kaye."

Apa malume anatembenukira kwa ine. Anatola botolo limodzi n'kundipatsa m'manja.

"Talandira, iwe umagwira ntchito ndi za mankhwala. Tatiuza. Zoterezi zimachokera kuchipatala?"

Botololo linali lofunda ndi dzuwa. Pansi pake panali kachizindikiro ka pensulo kamene ndinalemba ndekha powerenga mabotolo. Ndinaliyang'ana ngati ndikuliona koyamba. Ndinalinunkhiza. Ndinapukusa mutu.

"Ayi malume. Kuchipatala kulibe zotere."

Sindinaname, mukuona? Ndinasankha mawu oona amene akanapha munthu wina m'malo mwa ine.

Nkhani sinapite kupolisi, abale ake a Marita anachita kupempha. Koma mpingo unamuimitsa kudya mgonero, azimayi anzake anamulanda yunifomu ya chigwirizano, ndipo sabata isanathe anali atakwera lole ndi ana ake awiri, mphika ndi mashini osokera. Pamene lole inkadutsa pamsika, wina anaponya chitsononkho.

Ine ndinabwerera kuntchito ndikukhulupirira kuti mankhwala a makoswe ndi amene anapha achimwene. Ndinkaganiza kuti ndinachulutsa mlingo. Ndinkaona ngati palibe choipa chimene chingapose pamenepo.

6

Mu Novembala kafukufuku anatha. Dokotala Moffat anatiitana tonse mu ofesi mwake, anagula ndi mafanta. Ananyamula envulopu ija m'mwamba ngati mphatso ya paukwati, n'kuing'amba.

"Gulu loyamba," anawerenga, "tepi yofiira, mankhwala. Tepi yachikasu, madzi a mchere."

Anzanga anawomba m'manja. Wina anandigunda paphewa. "Unanena iwe, Tala!"

"Gulu lachiwiri," anapitiriza, akumwetulira, "ndinatembenuza. Ndinaona kuti ena mwa inu mwayamba kuchenjera. Tepi yachikasu, mankhwala. Tepi yofiira, madzi a mchere."

Anthu anaseka. Ine ndinafunsa kuti nditsimikize.

"Gulu lachiwiri lonse, adokotala?"

"Lonse. Kuyambira Ogasiti. Bwanji, wadabwa? Ndiye ubwino wa envulopu umenewo."

Ndinatuluka n'kukalowa m'chipinda cha makoswe. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, fungo la utuchi lili m'mphuno.

Madzi a mchere. Achimwene anasiya kachasu wa zaka khumi ndi zisanu tsiku limodzi, opanda chilichonse chowagwiriziza, atatsamira pa supuni ya madzi a mchere. Pamene ankati akumva kuti akugwira, chinkagwira chinali chikhulupiriro chawo mwa ine. Sanafe ndi poizoni. Panalibe poizoni. Anafa ndi matenda odziwika, amene chipatala chilichonse chikanayesa kuwaletsa ndi mapiritsi wamba, Marita akanangowafikitsa Lolemba lija. Chimene chinawapha si zimene zinali m'botolo. Ndi mawu anga a pafoni.

Mankhwala enieniwo anagwiradi ntchito pa makoswe. Lipoti linatuluka, ndipo kumapeto kwake kuli mzere wothokoza Talandira chifukwa cha kusamala kwake pantchito. Chaka chotsatira anandikweza. Kumudzi ndinkapita pa Khirisimasi, kukhala ndi amayi, kumawamvera akutemberera Marita, ine n'kumathira shuga mu tiyi.

7

Chaka chino mu Julayi tinamanga chiliza. Marita sanaitanidwe, koma mwana wake woyamba, Rakele, anabwera yekha. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chipumi ndi cha bambo ake. Anthu atabalalika anandipeza ndikutsuka mbale.

"Azakhali, inu simunama. Ndiuzeni. Amayi anaphadi adadi?"

Mbale inanditerereka m'manja.

"Iwo amati chiyani?"

"Sayankha. Amangoti ndidzamva ndikadzakula. Ndakula, azakhali. Kusukulu palibe amene amalandira chakudya chochokera m'manja mwanga. Ine ndasiya kudya zimene aphika iwo. Ndimaphika zanga."

Loweruka lotsatira ndinatsika pa Mponela. Marita ndinamupeza pakhonde la sitolo ina ya zitsulo, kumene amasoka. Anali ataonda, tsitsi layamba imvi. Atandiona sanaimitse mashini.

"Alamu," ndinatero.

"Chilamu chinathera kumanda. Khalani pabenchipo ngati mwabwera ndi nsalu."

Ndinakhala. Malole a fodya ankadutsa pamsewu.

"Mabotolo aja ndinabweretsa ndine."

Phazi lake linapitiriza kupalasa. Anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano.

"Ndikudziwa."

"Anakuuzani?"

"Sanandiuze. Anasunga lumbiro lawo mpaka m'ngolo. Munandiuza ndinu. Tsiku lija pafoni munati ndisadumphitse supuni, m'mawa ndi madzulo. Ine za supuni ndinali ndisanakuuzeni."

"Ndiye bwanji simunanene pansi pa mbawa paja?"

"Ndinakuyang'anani. Simunaone? Ndinkati mlongo wawo ali apa, ayankhula yekha. Mutanunkhiza botolo lija n'kupukusa mutu, ndinadziwa kuti ndikatchula dzina lanu ndingowonjezera mlandu wina, wonamizira mwana wa eni mudzi. Akanakhulupirira ndani, wa ku Nachisaka wosoka zigamba, kapena wa ku Lilongwe wovala magalasi?" Anatenga nsalu ina. "Komanso amuna anga ankakukondani kuposa munthu aliyense. Ndinati ndisawavule mlongo wawo ali chigonere m'manda atsopano. Ndinkayesa mwezi umodzi mubwera. Ndinadikira mwezi. Ndinadikira chaka."

"Pali chinanso," ndinatero. Ndinamuuza za envulopu, za matepi otembenuzidwa, zonse.

Apa mashini anaima.

"Madzi a mchere?"

"Eya."

"Opanda kanthu?"

"Opanda kanthu."

Anaseka. Sindinamvepo kuseka kotero, ndipo sindikufuna kudzakumvanso. Anthu a m'sitolo anasuzumira.

"Zaka zisanu ndakhala ndikuyang'ana dzanja ili," anatero akulitambasula. "Ndinkati kaya anandituma, kaya sindinkadziwa, koma supuni inalowa m'kamwa mwawo ndi dzanja langa. Ndimalephera kumwetsa mwana wanga panado. Inu mwadziwa liti kuti anali madzi?"

"Novembala wa chaka chomwecho."

"Miyezi itatu." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Munadziwa patangotha miyezi itatu, n'kundisiya nazo zaka zisanu."

Ndinagwada pasimenti, anthu akuona. "Ndikhululukireni."

"Dzukani, mukundithamangitsira makasitomala. Munandipaka matope pagulu, mukufuna mudzandisambitse pakhonde? Pitani mukanene kumene munapukusira mutu. Chikhululuko musachifunse kwa ine lero. Ndilibe."

8

Ndinapita. Ndinayambira kwa amayi. Ndinawapeza akusankha mtedza pakhonde, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira filiji, foni, mpaka envulopu. Anamvetsera osasiya kusankha. Nditamaliza anandiyang'ana.

"Wakudyetsa chiyani mkazi ameneyu?"

"Amayi, ndikunena zoona."

"Anayamba ndi mwana wanga wamwamuna, tsopano walowa mwa iwe. Madzi a mchere amapha munthu? Madzi a mchere amaonetsa munthu makoswe masana?"

"Si madziwo, amayi. Ndi kusiya mowa mwadzidzidzi. Thupi likazolowera..."

"Mwana wanga sanali chidakwa chofa ndi kusowa mowa!" Anamenya lichero, mtedza unamwazika. "Ndinaika mwana mmodzi. Sindilola kuti wotsalayo adzitche wakupha. Ukakanena zimenezi kumpingo, ine ndidzaimirira n'kunena kuti wapenga."

Kumpingo ndinapitabe. Akulu anandilandira m'kachipinda ka kuseri, anayi, chitseko chotseka. Anamva, anapemphera, n'kundiuza kuti nkhaniyi ndi yakale, ingagawanitse anthu, aiganizira. Kalata yomubwezeretsa Marita pa mgonero akuti anailemba mwakachetechete. Paguwa sipanalengezedwe kanthu. Malume a Abrahamu anangoti, "Ukanakhala chete, mphwanga. Zinali zitapola."

Dokotala Moffat yekha ndi amene anandikhulupirira nthawi yomweyo. Anavula magalasi, anandifunsa tsiku ndi chiwerengero cha mabotolo, n'kundiuza kuti ndisiye makiyi patebulo. Pano ndili pakhomo.

Rakele ndinamulembera kalata ya masamba anayi. Sanandiyankhe. Ndinangomva kwa mnansi wawo kuti masiku ano amadya mbale imodzi ndi mayi ake. Pa zonse zimene ndayesa kukonza, chimene chatheka n'chokhacho.

9

Owerenga, ndalemba kuno chifukwa kwathu choonadi ndachinena ndipo chakanidwa. Bodza lija ndi lokoma kulifotokoza: muli mkazi wachilendo, muli botolo, muli misala ya masana. Choonadi changa n'chosasangalatsa. Muli mphunzitsi wodwala amene ankaopa manyazi, ndi mlongo wake amene ankafuna kutamandidwa.

Ngati muli ndi wanu amene mowa unamulowa m'mafupa ndipo akufuna kusiya, musamutsekere m'nyumba poopa zonena anthu. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zimene inu simukuona, musaimbire foni wachibale wophunzira. Mukwezeni chilichonse chimene chili ndi mateyala. Anthu adzanena, inde. Adzanena sabata imodzi, iye ali moyo n'kumawamva.

Ndipo inu amene munapita kusukulu, amene kumudzi mukayankhula anthu amabweza ngolo, muziopa mawu anu. Ine ndinkadziwa zambiri za makoswe. Za munthu ndinkadziwa theka, ndipo theka limenelo ndinalinena molimba mtima ngati lathunthu.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Pempho langa ndi limodzi, kwa inu a ku Ntchisi ndi ku Dowa amene magazini ino ifike m'manja mwanu. Muiwerenge mokweza. Muiwerengere pamsika, pachigayo, pamzere wa kumjigo, kwa amene sadziwa kuwerenga. Mukafika pa dzina la wolakwa, musalidumphe ndipo musalitsitse mawu. Ndi Talandira, mwana wa kwanu konko.